Sinki ya M'chipinda Chogona: Tiisunge Kapena Tiichotse?

Phunziro lathu la ulendo uno ndi la za pakhomo. Likukhudza kanthu kooneka kakang'ono, koma kamene kamatha kuutsa mkangano pakati pa bambo, mayi ndi mmisiri nthawi yokonzanso nyumba ikakwana. Kanthu kake ndi sinki yosambira m'manja ndi kusukusulira, imene imapezeka pakona m'zipinda zogona za nyumba zina zakale.

Ena mwa ife tagula kapena tasiyiridwa nyumba yakale ya m'tauni yokhala ndi masinki otere. Ena tikuwonjezera chipinda cha agogo ndipo tikudzifunsa ngati n'koyenera kuikamo sinki. Enanso tili ndi ana ku Britain, kumene mwambowu unazika mizu, ndipo akagula nyumba amatiimbira foni kufunsa nzeru. Mmisiri amangoti, "Chotsani mayi, zimenezi n'zachikale." Mnansi amati, "Musachotse, n'zapamwamba." Onse awiri akuweruza ndi maso. Ife tiyeni tiweruze poganizira umoyo wa anthu amene adzagona m'chipindamo.

Mfundo ya phunziroli ndi imodzi. Sinki imene ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi thandizo lalikulu, makamaka kwa okalamba, odwala ndi owasamalira. Sinki yongokhala, imene palibe akuitsegula, imabweretsa fungo, tizilombo ndi chinyontho. Choncho tisanagwire hamala, tidzifunse kuti: adzagona muno ndani, lero ndi zaka khumi zikubwerazi?

Mwambowu unachokera kuti?

M'zaka za m'ma 1800 nyumba zambiri ku Britain zinalibe bafa. Munthu ankasamba kuchipinda kwake. Pakona pankakhala katebulo kokhala ndi beseni, jagi ya madzi ndi kambale ka sopo, ndipo pansi pake pankakhala ndowa yothiramo madzi akuda. M'mabanja opeza bwino, mtsikana wantchito ankakwera masitepe m'mawa uliwonse ndi madzi otentha, kenako n'kubweranso kudzatenga akudawo.

Mipope itayamba kulowa m'nyumba, mabanja ambiri anamanga bafa imodzi yokha ya banja lonse, ndipo pamalo pa katebulo kaja ena anaikapo sinki ya mpopi. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, antchito a m'nyumba anayamba kusowa, choncho mpopi unalowa m'malo mwa mtsikana wa jagi uja. Bafa inali chinthu chosowa kwa nthawi yaitali. Pa kalembera wa 1951, mabanja oposa limodzi mwa atatu alionse ku England ndi Wales analibe bafa yokhazikika m'nyumba. Nyumba zogona alendo zinkadzitama polengeza kuti chipinda chilichonse chili ndi madzi otentha ndi ozizira, ndipo m'mahositelo a ophunzira ndi a anamwino sinki ya pakona inali chinthu chachizolowezi. Pambuyo pake anthu anayamba kukonda chipinda chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chakechake, ndipo sinki ya pakona inayamba kuoneka yachikale.

Kamangidwe kameneka kanafikanso kwathu kuno, n'chifukwa chake timaona masinki otere m'nyumba zina zakale, m'malo ogona alendo ndi m'mahositelo. Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti sinkiyi sinaikidwe ngati chokongoletsera. Inabwera kudzathetsa vuto la anthu ambiri olimbirana bafa imodzi, imenenso ili patali ndi pogona. Ngati m'nyumba mwathu chipinda chilichonse chili ndi bafa yake, vutolo linatha. Koma ngati tilipo anthu asanu ndi atatu pa bafa imodzi, ndipo m'mawa uliwonse ana asukulu amagogoda chitseko bambo akumeta ndevu, vutolo likadalipo.

Amapindula nayo ndani?

Amene tinagwirapo ntchito m'mawodi tikudziwa kuti munthu amasamba m'manja kawirikawiri madzi akakhala pafupi, ndipo amazengereza akakhala kutali. Kusamba m'manjako si nkhani yamasewera. M'chaka cha 1847, dokotala Ignaz Semmelweis wa pachipatala chachikulu cha ku Vienna analamula madokotala ndi ophunzira kuti azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire amayi oyembekezera. Mu April chaka chimenecho amayi 18 mwa 100 alionse anamwalira m'wodiyo, koma pofika June chiwerengerocho chinatsika kufika pa awiri. Masiku ano kafukufuku akuonetsa kuti kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matenda otsegula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndipo sitinaiwale kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anatenga miyoyo yoposa 1,700 m'Malawi muno.

Oyamba kupindula ndi wodwala wogonera pabedi pamodzi ndi womusamalira. Ambiri a ife tadwazikapo kunyumba, kaya ndi wakufa ziwalo, wa khansa, wa shuga kapena wongofooka ndi ukalamba. Taganizani mayi amene wangosintha thewera la wodwala pakati pa usiku. Kuti akafike ku bafa ayenera kugwira chitseko cha chipinda, chotsegulira magetsi cha m'kolido ndi chitseko cha bafa. Malo onsewa adzagwiridwanso ndi ana m'mawa. Sinki ikakhala pomwepo, manja amayera asanakhudze kalikonse. Komanso kupukuta wodwala ndi kansalu konyowa, kumutsuka m'kamwa ndi kunyowetsa nsalu yoziziritsa thupi likatentha zimakhala zosavuta, ndipo msana wa wodwazika umapumako ku ntchito yonyamula mabeseni.

Achiwiri ndi agogo amene akuyendabe koma movutikira. Okalamba ambiri amagwa usiku kapena m'bandakucha, popita ku bafa mumdima tulo tisanathe m'maso, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo ena sadzukanso. Sinki sichotsa ulendo wa kuchimbudzi, koma imachepetsa maulendo ena. Chinanso ndi ulemu. Gogo amene angathe kusukusula, kutsuka mano ake oikirira ndi kudzikonza yekha asanatuluke kukaonana ndi adzukulu, amadzimva kuti akadali munthu payekha. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kanthu kakang'ono kotere kamamusungira mayi ulemu wake.

Achitatu ndi mayi wa khanda, amene amasintha matewera kangapo usiku ndipo ayenera kusamba m'manja asanayamwitse. Achinayi ndi alendo okhalitsa. Tonse tikudziwa manyazi amene amakhalapo apongozi akakumana ndi mkamwini m'kolido m'mamawa, wina asanasukusule. Ndipo ngati chipindacho timachititsa lendi kwa wophunzira kapena wantchito wapaulendo, sinki imachepetsa kulimbirana bafa ndi eni nyumba.

Zimene maso saona

Tsono tione mbali inayo, pakuti walira mvula walira matope. Sinki iliyonse ili ndi njira ziwiri: ina yobweretsa madzi oyera, ina yotulutsa akuda. Zonse ziwiri zimafuna kuti madzi aziyenda.

Tiyambe ndi yotulutsa. Mukasuzumira pansi pa sinki muona paipi yokhota ngati chilembo U, kapena kabotolo kolendewera. Amisiri amakatcha trap. M'menemo mumatsala madzi nthawi zonse, ndipo madziwo ndiwo chitseko chimene chimaletsa mpweya wa m'suweji kapena m'thanki ya zonyansa kukwera kulowa m'nyumba. Nzeru yotseka paipi ndi madzi inalembetsedwa ndi Alexander Cumming ku London m'chaka cha 1775, pa chimbudzi chogejemula. Malamulo a zomangamanga a ku England amafuna kuti madzi otsekawo pa sinki yosambira m'manja akhale akuya mamilimita 75, kutalika ngati chala chimodzi. Madzi ochepa choterewa amauma sinki ikakhala osatsegulidwa kwa masabata angapo, makamaka m'nyengo yotentha ya October ndi November. Akauma, chitseko chatseguka. Fungo limalowa, ndipo mphemvu zimapeza msewu wochokera ku zonyansa kufika pamene munthu amaika mswachi wake.

Florence Nightingale anachenjeza za zimenezi m'buku lake la Notes on Nursing la 1859. Anatchula zinthu zisanu zofunika kuti nyumba ikhale ya umoyo: mpweya wabwino, madzi abwino, ngalande zotulutsa bwino madzi akuda, ukhondo ndi kuwala. Anatsindika kuti paipi yolumikiza sinki ndi suweji popanda chotsekera imaononga umoyo wa nyumba yonse, ngakhale nyumbayo ikhale yachifumu. Iye ankakhulupirira kuti matenda amayenda ndi fungo loipa. Lero tikudziwa kuti amayenda ndi tizilombo, koma uphungu wake wa mapaipi udakali woona.

Tibwere ku paipi yobweretsa madzi. Madzi akaima nthawi yaitali m'paipi, mankhwala a klorini amene a zamadzi anathira amatha mphamvu, ndipo m'kati mwa paipi mumamera ndere yoterera imene tizilombo timabisalamo. Kamodzi mwa tizilombo timeneti ndi Legionella, kamene kamayambitsa chibayo choopsa. Dzinali linabwera chifukwa cha mliri umene unagwira asilikali opuma a bungwe la American Legion pa msonkhano wawo ku Philadelphia m'chaka cha 1976, ndipo kachilomboko kanadziwika mu 1977. Kamaswana bwino m'madzi ofunda, a madigiri 20 mpaka 45. Munthu amadwala akapuma timadontho ta madzi touluka mumpweya, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu ndi a zaka zoposa 50, osuta fodya ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Shawa imauluza timadontho tambiri kuposa sinki, koma paipi iliyonse ya madzi oima ikhoza kukhala chisa chimene chimadyetsa mapaipi ena a m'nyumbamo. N'chifukwa chake ku Britain eni nyumba za lendi ndi nyumba zosungira okalamba amalangizidwa kutsegula mpopi uliwonse wosagwiritsidwa ntchito kamodzi pa sabata, ndi kusunga madzi a m'giza pa madigiri 60. Kwathu kuno, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, madzi amene timati ozizira amakhala ofunda kale akachoka m'thanki yokhala padzuwa.

Zipatala nazo zaphunzira kuti sinki ili ndi nkhope ziwiri. Ku Northern Ireland, kumapeto kwa 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012, makanda anayi anamwalira m'mawodi a ana obadwa kumene ndi kachilombo ka Pseudomonas, ndipo ofufuza anapeza kachilomboko m'mipope ya masinki. M'chaka cha 2014 chipatala cha Canisius-Wilhelmina mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands chinachotsa masinki m'zipinda za odwala mwakayakaya, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2017 zinaonetsa kuti odwala otenga tizilombo ta mtundu umenewu anachepa. Tisamve molakwa. Anamwino a kumeneko sanasiye kuyeretsa manja. Ankagwiritsa ntchito mankhwala opaka m'manja, ndipo odwala awo anali ofooka kwambiri kuposa amene timadwazika kunyumba. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti dzenje la sinki si malo oyera, ngakhale beseni lake liwale ngati mbale yatsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi akamenya molunjika padzenjelo amathovukira pa zinthu zili pafupi. Ndipo tikamathiramo tiyi wotsala, phala kapena madzi osambitsira wodwala, ndiye kuti tikudyetsa tizilombo timene tikukhala m'menemo.

Mavuto a kwathu kuno

Pali zina zimene mwana wathu wa ku Leeds sangazione kawirikawiri, koma ife tikuzidziwa. Choyamba ndi kusiya kwa madzi. Mwana atsegula mpopi, apeza mulibe kanthu, achoka osatseka. Madzi abwera pakati pa usiku kapena tonse tili kutchalitchi. Zikachitikira ku bafa, madzi amapeza potulukira. Zikachitikira kuchipinda chogona, ndipo dzenje la sinki latsekeka ndi kansalu kapena tsitsi, madzi amapeza matiresi, masutikesi a pansi pa bedi ndi zikalata za nyumba. Madzi akatayika saoleka.

Chachiwiri ndi chinyontho. Nyumba zakale zambiri zili ndi mapaipi achitsulo amene amachita dzimbiri m'kati mwa khoma n'kumadontha mobisika. Zizindikiro zake ndi penti yotukusira, pulasitala wofumbutuka, madontho akuda a chuku ndi fungo la m'kabati ya zovala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2009 osonyeza kuti chinyontho ndi chuku m'nyumba zimakulitsa chifuwa ndi mphumu. M'chipinda chogona munthu amapuma mpweya womwewo maola asanu ndi atatu mawindo ali otseka. Chiswe nachonso chimakonda khoma lonyowa.

Chachitatu ndi bilu. Mpopi wodontha dontho limodzi pa sekondi umataya malita oposa 20 patsiku, ndowa yathunthu. Mpopi wa kukhitchini ukamadontha timauona msanga, koma wa m'chipinda cha alendo chokhala chokhoma ukhoza kudontha miyezi.

Chachinayi ndi kumene madzi akudawo akupita. Amisiri ena osasamala amangoboola khoma n'kusiya paipi ikuthira pansi kuseri kwa nyumba. Chithaphwi chimenecho chimaswetsa udzudzu pansi pa windo logonako, ndipo chimafewetsa maziko. Chachisanu ndi magetsi. Masiku ano pafupi ndi bedi lililonse pali soketi ndi chaja ya foni, zinthu zimene omanga nyumba zakale sanaziganizire. Manja onyowa ndi magetsi sizigwirizana.

Tisankhe bwanji?

Tisaweruze nyumba yonse ndi chigamulo chimodzi. Tiyende chipinda ndi chipinda, tili ndi mafunso anayi.

1. Kodi m'chipinda chino mumagona munthu masiku onse, ndipo sinkiyi adzaitsegula tsiku lililonse?

2. Kodi bafa ili patali bwanji, ndipo tikulimbirana anthu angati?

3. Kodi mapaipi ake ali bwino, ali ndi trap, ndipo akuthira m'malo oyenera?

4. Kodi pa zaka khumi zikubwerazi, chipinda chino chingadzakhale cha munthu wokalamba kapena wodwala?

Funso lachinayili ndi limene timalilumpha, chifukwa palibe amene amakonda kudziganizira atafooka. Koma amene tikukonza nyumba tili ndi zaka za m'ma 50 kapena 60, tikukonza nyumba imene tidzakalambiremo. Kuchotsa sinki ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kuibwezeretsa khoma litapakidwa pulasitala, pansi ataika matailosi, ndi kugumula kwatsopano, ndipo nthawi zambiri kufunika kwake kumabwera pamene ndalama zonse zikupita kuchipatala.

Uphungu wathu ndi uwu. M'nyumba ya zipinda zingapo, tisunge sinki imodzi yabwino, m'chipinda chimene chili chosavuta kufikamo, chopanda masitepe, chimene chingadzakhale cha agogo kapena wodwala. Kwa amene ali m'nyumba zosanja ku Britain, chimenechi ndi chipinda cha pansi. Tichotse ya m'chipinda cha alendo chimene chimatsegulidwa pa Khirisimasi pokha. Tichotse ya m'chipinda cha ana aang'ono, amene amaisandutsa choseweretsa ndipo akhoza kupsa ndi madzi otentha. Tichotsenso ya m'chipinda chimene chili kale ndi bafa yakeyake, chifukwa masinki awiri kwa munthu mmodzi, imodzi idzakhala yongokhala.

Ngati tasankha kuisunga

Tiitanitse mmisiri wodziwa ntchito aone mapaipi onse, ndipo achitsulo adzimbiri asinthidwe nthawi yomweyo pamene khoma lili lotsegula. Pansi pa sinki aike kotsekera madzi, kuti mpopi ukaonongeka kapena tikamachoka ulendo tizitha kutseka sinkiyo payokha. Kuseri kwa sinki kukhale matailosi, ndipo pansi pakhale posaterera. Kapeti kapena mkeka zisafike pamenepo.

Sinki imangidwe molimba, chifukwa wokalamba amaitsamira ngakhale timuletse. Ndi bwino kuika chogwirira chachitsulo pakhoma pambali pake. Ngati munthuyo amayenda pa njinga ya olumala kapena amasukusula atakhala pampando, pansi pa sinki pakhale malo olowetsa mawondo. Mpopi wa chogwirira chachitali ndi wosavuta kwa manja a nyamakazi kusiyana ndi wopotokola. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu pa masekondi ochepa, ndipo wodwala shuga kapena wakufa ziwalo sangamve msanga kuti akupsa. Choncho ngati sinkiyo ili ndi madzi a m'giza, aikepo chosakaniza chimene chimachepetsa kutentha madzi asanatuluke, apo ayi tisiye mpopi wa madzi ozizira wokha. Soketi ikhale patali moti munthu sangagwire mpopi ndi soketi nthawi imodzi, ndipo bedi lisagundane ndi sinki.

Pakagwiritsidwe ntchito, tikumbukire malamulo awa ndi kuwaphunzitsa onse a m'nyumba:

Sinkiyi ndi ya manja, nkhope ndi mano basi. Mkodzo, masanzi, makhololo ndi madzi osambitsira wodwala zipite kuchimbudzi. Abambo ndi anyamata auzidwe mosabisa kuti sinki si potayira madzi usiku.

Mankhwala, mabandeji, makapu ndi mabotolo a mwana zisakhale m'mphepete mwa sinki. Mswachi ukhale pashelefu pamwamba.

Sopo ndi kansalu kopukutira kouma zikhalepo nthawi zonse, ndipo posamba m'manja tipake sopo kwa masekondi osachepera 20.

Titsuke beseni tsiku lililonse, kuyambira kumpopi kutsirizira kudzenje, ndi kansalu kake kosagwiritsa ntchito pena. Tikagwiritsa ntchito Jik tisasakanize ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa zimatulutsa mpweya woopsa.

Chipinda chikakhala chopanda munthu, titsegule mipope yonse pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kamodzi pa sabata, windo lili lotsegula. Tichite chimodzimodzi tikabwera kuulendo.

Madzi akumwa achokere kukhitchini. M'nyumba zakale za ku Britain mpopi wa kuchipinda nthawi zambiri umatunga m'thanki ya kudenga, ndipo kwathu kuno umatha kutunga m'thanki ya panja imene sinatsukidwe kwa zaka.

Ngati tasankha kuichotsa

Kuchotsa mwachidule n'koopsa kuposa kusachotsa. Mmisiri wofulumira amazula beseni, n'kutseka paipi pomwepo pakhoma, n'kumata simenti. Akatero wasiya paipi yodzaza madzi oima mpaka kalekale, yolumikizidwabe ku madzi a nyumba yonse, ndipo palibenso mpopi woti tiitsukire. Tiyenera kuimirira pomwepo ndi kumuuza kuti adule paipiyo kumene inapatukira pa paipi yaikulu, ngakhale kukhale kudenga kapena kuseri kwa nyumba. Paipi ya madzi akuda nayo itsekedwe ndi chotsekera chake chenicheni, osati pepala kapena chiguduli. Khoma lisiyidwe liume lisanapakidwe pulasitala ndi penti.

Pali njira yapakati kwa amene akuganiza za m'tsogolo. Mmisiri akhoza kusiya mapaipi m'khoma ali ouma, odulidwa ku madzi ndi otsekedwa mbali zonse. Paipi youma siisunga tizilombo ta m'madzi, ndipo tsiku lofuna sinki likadzafika, ntchito idzakhala yongolumikiza. Tijambule khomalo ndi foni asanamate, ndipo chithunzicho tichisunge pamodzi ndi zikalata za nyumba.

Beseni lochotsedwalo tisataye. Ife timadya nsima ndi manja, ndipo sinki ya pafupi ndi podyera, pakhonde kapena potulukira kuchimbudzi cha panja imagwira ntchito kangapo patsiku. Kumeneko trap yake siidzauma, ndipo alendo ambiri akabwera, pa chinkhoswe kapena pa zovuta, tidzaiyamika.

Kwa amene tilibe mipope m'nyumba

Ambiri mwa amayi a m'nthambi zathu amatunga madzi pamjigo kapena pakiyosiki, ndipo angaone ngati phunziroli si lawo. Ndi lawonso. Chofunika kwa wodwala ndi madzi oyenda, sopo ndi potayira, zili pafupi ndi pogona. Ndowa yovindikira yokhala ndi kampopi, ngati zimene tinazolowera nthawi ya COVID-19 mu 2020, itaikidwa pampando ndi beseni pansi pake, imagwira ntchito yomweyo. Ndi katebulo kaja ka m'zaka za m'ma 1800, kongowonjezera mpopi. Lamulo lake ndi lomwelo lakuti madzi asagonere: tithire atsopano tsiku lililonse, titsuke ndowa, ndipo akuda titaye kuchimbudzi. Panja, mpondagiya akhale pafupi ndi chimbudzi.

Mau otsiriza

Pokonza nyumba, maso amathamangira ku matailosi, makatani ndi mtundu wa penti. Ife amayi, amene timadzuka usiku wina akadwala, tiyenera kulankhulapo pa za mapaipi, mmisiri asanayambe kugumula. Sinki imene ili ndi mwini woigwiritsa ntchito tiisunge ndi kuisamala. Imene ilibe mwini tiichotse bwinobwino, kuyambira kumene paipi yake inayambira. Ndipo m'nyumba iliyonse mukhale chipinda chimodzi chimene munthu wofooka angasambiremo m'manja ndi kumaso popanda kuyenda mumdima.

Mafunso okambirana m'magulu

1. M'nyumba mwanu, munthu wosamalira wodwala usiku amagwira zinthu zingati asanafike posamba m'manja? Mungachepetse bwanji?

2. Kodi muli mpopi, shawa kapena sinki imene yatha mwezi osatsegulidwa? Ndani pabanja panu angapatsidwe ntchito yoitsegula sabata iliyonse?

3. Inu kapena amuna anu mutalephera kuyenda bwino, mungagone chipinda chiti? Chikusowa chiyani lero?

4. Pa odwala ndi okalamba amene nthambi yanu imawayendera, ndi angati ali ndi madzi ndi sopo pafupi ndi pogona? Nthambi ingathandizepo chiyani mwezi uno?